Ndinali nditawonda, koma magazi anga anali odzaza mafuta

Ndinayamba kuwonda mu Ogasiti, koma ludzu lenileni linabwera mu Okutobala. Aliyense wokhala ku Zomba amadziwa mmene mwezi umenewu umatenthera, makamaka kwa ife a ku Chinamwali amene kamphepo ka kuphiri sikatifikira kwenikweni, ndiye ndinkangoti ndi dzuwa. Ndili ndi kashopu ka fotokope kufupi ndi Chikanda, ndipo makasitomala anga ambiri ndi ana a pa yunivesite. Tsiku lonse ndinkakhala ndi botolo la madzi la malita awiri pambali pa makina. Likatha ndinkatuma mwana kuti akandigulire Fanta wozizira, chifukwa ndinkamva ngati madzi okha sakufika pamene pali ludzupo. Usiku ndinkadzuka kasanu, mwina kasanu n'kamodzi, kukataya madzi. Mayi a kunyumba ndi amene anayamba kuona kuti nyerere zikuunjikana pamene ndakodza.

Sikelo inatsika kuchoka pa makilogalamu 71 kufika pa 59. Anthu anayamba kundiyang'ana ndi maso aja amene tonse timawadziwa. Ine ndi mayi a kunyumba tinapita limodzi kukayezetsa HIV, ndipo tinapezeka kuti tilibe. Ndinasangalala, koma kusangalalako kunandichedwetsanso, chifukwa ndinaganiza kuti ngati si kachilomboko ndiye kuti palibe choopsa. Za shuga sindinaganizeko n'komwe. M'mutu mwanga shuga anali matenda a anthu onenepa, a magalimoto, osati munthu wazaka 43 woyenda wapansi tsiku lililonse.

Panalinso chinthu china chimene sindinachilumikize ndi zonsezi. M'zigongono, m'mawondo ndi kumatako kunatuluka timatuza ting'onoting'ono tolimba, tachikasu pamwamba, toyabwa pang'ono. Ndinagula mafuta opaka a mphere, osathandiza. Ndinasintha sopo, osathandizanso.

Lolemba lina m'mawa ndinayamba kusanza, miyendo ili lende, maso akuona ngati muli utsi. Alamu anga anandikweza pa njinga yamoto, iwo atakhala kumbuyo kundigwirira, mpaka kuchipatala. Anamwino atandibaya chala, kamakina koyezera shuga sikanaonetse nambala, kanangolemba kuti HI. Anandiuza kuti zikatero ndiye kuti shuga wapitirira pamene kamakinako kamatha kuwerenga. Mkodzo anaupezanso ndi zimene amazitcha ma ketone, chizindikiro chakuti thupi likusowa insulini. Anandigoneka pompo, dripu kudzanja, insulini yotsitsa shuga n'kuyamba.

Tsiku lachiwiri adokotala anabwera pabedi langa atanyamula kachubu ka magazi anga. Anati a ku labu awaitana kuti adzaone okha. Magazi akakhazikika m'chubu, pansi pamakhala pofiira ndipo pamwamba pamakhala timadzi tooneka ngati tiyi wopepuka wopanda mkaka. Anga pamwambapo panali mbee, ngati wina wathiramo mkaka.

"Bambo, awa ndi mafuta," anatero.

"Adokotala, ine mafuta ndawatenga kuti? Taonani mmene ndathera."

Anatumiza magazi ena kuti akayeze mafutawo, ndipo zotsatira zake ndinazikopera m'kabuku kanga ka kuchipatala, kamene ndili nako pano ndikulemba. Kolesitolo yense anali 9.1, pamene amafuna kuti asapitirire 5. Mafuta ena otchedwa triglycerides anali 14, pamene oyenera ndi ochepera 1.7. HDL, amene anthu amamutcha kolesitolo wabwino chifukwa amathandiza kubweza mafuta kuchiwindi, anali 0.7, wotsika. Pa LDL, kolesitolo amene amamatirira m'mitsempha, panalibe nambala. Anandifotokozera kuti ma labu ambiri LDL samuyeza mwachindunji, amachita kumuwerengera kuchokera pa manambala enawo, ndipo triglycerides akapitirira 4.5 masamuwo sagwiranso. Manambala onsewa ndi a muyezo wa mmol/L. Mapepala ena amalemba mu mg/dL ndipo manambala ake amaoneka akuluakulu, mwachitsanzo kolesitolo wa 5.2 amakhala 200, choncho musanayerekeze pepala lanu ndi langa yambani mwaona muyezo umene alemba.

Usiku umenewo sindinagone. Shuga ndinali nditamuvomera kale theka, koma izi za mafuta zinandiopsa kwambiri. Bambo anga aang'ono anagwa ndi sitiroko kumudzi ku Thondwe, anakhala zaka zitatu osayankhula, ndipo ndinkangoona ine nditagona pamphasa yomweyo, ana anga atatu akunditembenuza.

M'mawa mwake ndinapempha adokotala kuti andipatse mapilitsi otsitsa mafuta nthawi yomweyo. Anakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene ndimachithokozabe poona mmene wodi inadzazira. Zimene anandiuza ndizifotokoza m'mawu anga, mmene ndinazimvera komanso mmene ndakhala ndikuzifunsira kuyambira nthawi imeneyo, chifukwa ndi zimene zinachititsa kuti ndilembe nkhaniyi.

Ambirife timadziwa kuti insulini, imene imapangidwa ndi kapamba, imalowetsa shuga m'minofu. Koma ili ndi ntchito inanso pa mafuta. Thupi limasunga mafuta pansi pa khungu ndi m'mimba monga mmene timasungira chimanga m'nkhokwe, ndipo insulini ndi imene imauza thupi kuti chakudya chilipo, nkhokwe isapasulidwe. Insulini ikasowa, kapena ikaleka kumveka, minofu imakhala ndi njala ngakhale shuga atadzaza m'magazi. Thupi limaona ngati kwagwa chilala, ndiye limapasula nkhokwe. Mafuta amakhuthukira m'magazi n'kupita kuchiwindi. Chiwindi ena chimawasandutsa ma ketone aja anapezeka mu mkodzo wanga, ena chimawamanga m'timitolo n'kuwabwezanso m'magazi. Tsono m'makoma a mitsempha muli enzyme ina yotchedwa lipoprotein lipase, imene ntchito yake ndi kutsitsa mafuta m'timitoloti kuti alowe m'minofu, ndipo nayo imagwira ntchito molimba pakakhala insulini. Popanda insulini zimakhala ngati malole a katundu akungofika pamsika koma otsitsa katundu kulibe. Msewu umadzaza. N'chifukwa chake ndinkatha thupi kwinaku magazi akuyera ndi mafuta: mafuta amene ankachoka m'matako ndi m'masaya mwanga ndi omwewo ankayandama m'chubu chija. Timatuza ta m'zigongono tija tinalinso mafuta omwewo, ataunjikana pakhungu.

Kenaka adokotala anati, "Ndiye mankhwala oyamba a mafuta anuwa ndi insulini yomweyi. Nambala tikuionayi si yanu yeniyeni ayi, mbali yaikulu ndi ya shuga. Titsitse kaye shuga, tidzayezenso, pamenepo tidzaona chimene chatsala."

Anandichenjeza chinthu chimodzi mwamphamvu. Triglycerides akakwera kupitirira 10, kapamba amatha kutupa, ndipo amenewo ndi matenda oti munthu angafe nawo. Anati ndikamva kupweteka koopsa pamwamba pa mchombo kolasa mpaka kumsana, pamodzi ndi kusanza, ndisadikire kuti kuche. Mowa anauletsa kotheratu, chifukwa umakweza mafuta amenewa msanga. Zokazinga anati ndizisiye kaye zonse.

Ndinatuluka patapita masiku anayi ndi timabotolo tiwiri ta insulini, majakisoni, ndi mantha. Kunyumba nkhondo inali ikundidikira. Amayi anga anabwera kuchokera ku Thondwe, ndipo atangoona jakisoni anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, ameneyu usamuyambe. Amalume ako aja atangoyamba kudzibaya sanathe chaka."

Ndinawamvetsa amayi, chifukwa zimene ananenazo zinachitikadi. Koma amalumewo anakhala zaka zambiri akukana jakisoni, n'kudzamuvomera impso zitawonongeka kale, phazi lili ndi chilonda chosapola. Ambiri kwathu kuno insulini amaifikira kumapeto, ndiye anthu amaona jakisoni kenaka maliro, n'kumati wapha ndi jakisoniyo. Ena anandibweretsera ufa wa chammwamba, ena adyo woti ndizimeza m'mawa kuti asungunule mafuta, wina botolo la mankhwala a zitsamba la mtengo wokwera ndithu. Masamba a chammwamba ndimadya monga ndiwo mpaka lero, ndi abwino. Koma palibe mwa zimenezi chimene chikanalowa m'malo mwa insulini imene thupi langa linkasowa, ndipo ndikanasiya jakisoni n'kudalira zimenezo ndikanabwerera kuwodi ndili chikomokere.

Mwana wanga wamkulu, amene ali Fomu 3, ndi amene anafewetsa mtima wa agogo ake. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, anamva pawailesi kuti tsikuli ndi lobadwa la Frederick Banting, mmodzi mwa amene anatulukira insulini ku Toronto mu 1921, ndipo kuti mu 1922 anabaya mnyamata wazaka 14, Leonard Thompson, amene anali pafupi kufa, n'kutsitsimuka. Anawafotokozera kuti, "Agogo, mankhwalawa akhala akupulumutsa anthu zaka zoposa 100." Amayi anangoti, "Chabwino, kuona maso a nkhono n'kudekha." Kuchokera tsiku limenelo anayamba kundikumbutsa okha nthawi yobaya.

Za kabayidwe ndidutsapo msanga chifukwa anamwino amaphunzitsa bwino kuposa ine. Ndinkabaya kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, kutatsala mphindi 30 kuti ndidye. Insulini yooneka ngati mkaka ija sugwedeza mwamphamvu, umaipukusa pang'onopang'ono m'manja. Malo obaya umasinthasintha, pamimba ndi m'ntchafu, chifukwa ukamabaya pamodzimodzi pamatupa kachotupa ndipo mankhwala salowanso bwino. Timabotolo timasungidwa m'firiji koma osati m'chipinda choundanitsa madzi. Magetsi akazima nthawi yaitali, mayi a kunyumba ankatikulunga m'pulasitiki n'kutiika mu mtsuko wadothi wokhazikidwa pa mchenga wonyowa, pakona pozizira.

Chimene ndikufuna kukhalapo pang'ono ndi mmene mafuta aja anasinthira. Patangotha masabata awiri anandiyezanso triglycerides okha, ndipo anali atatsika kuchoka pa 14 kufika pa 4.8, popanda pilitsi lililonse la mafuta. Magazi m'chubu anali atasiya kuyera. Timatuza tija tinayamba kuphwa patokha, ndipo pofika Khirisimasi panangotsala timadontho takuda. Maso anayera. Usiku ndinkadzuka kamodzi kokha.

Kadyedwe nakonso kanathandiza, sindingabise. Nsima sindinasiye, koma tinachoka pa ufa woyera kupita pa mgaiwa, ndipo mitanda inachoka pa itatu kufika pa umodzi ndi theka, mbale n'kudzaza ndi nkhwani, bonongwe kapena mpiru. Matemba a ku Chilwa ndi usipa tinayamba kuphika ndi tomato ndi anyezi m'malo mowakazinga m'mafuta ambiri. Nyemba ndi nandolo zinachuluka. Chondivuta kwambiri chinali chiwaya cha pafupi ndi shopu, tchipisi ndi nyama yamafuta zimene ndinkadya pafupifupi masana alionse, komanso mandasi a m'mawa. Kenaka mango anapsa. Ndinkaganiza kuti chipatso sichingavute, mpaka tsiku lina nditadya mango asanu kamakina kanaonetsa shuga wokwera kwambiri, 310 mu mg/dL. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene adokotala ananena, kuti kwa munthu wa shuga zotsekemera ndi nsima yambiri zimakwezanso triglycerides, chifukwa chiwindi chimasandutsa shuga wotsala kukhala mafuta. Anthu ambiri akamva za kolesitolo amangothawa mazira ndi mapeyala, kwinaku akumwa Sobo ndi thobwa lothira shuga. Mapeyala ndi mtedza zili ndi mafuta abwino, bola osapyola muyezo.

Insulini ili ndi choopsa chake chimene ndinakumana nacho kamodzi, ndipo musachitenge mopepuka. Loweruka lina ndinabaya m'mawa, n'kungomwa tiyi ndi kachidutswa ka mbatata, n'kunyamuka wapansi kupita kumsika waukulu. Ndili m'njira ndinayamba thukuta lozizira, manja kunjenjemera, mtima kugunda, ndipo mawu a anthu ankamveka ngati akuchokera kutali. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Mayi wina wogulitsa nthochi anandifunsa kuti, "Achimwene, mwatani?" Ndinangotha kunena kuti shuga. Mwamwayi anali ndi m'bale wake wodwala matenda omwewa, ndiye anathamanga kukagula Fanta n'kundimwetsa theka la botolo, kenaka anandipatsa nthochi. Shuga akatsika kufika pansi pa 70 mu mg/dL, kapena 3.9 mu mmol/L, pamafunika chotsekemera msangamsanga, monga masupuni atatu aang'ono a shuga m'madzi, kenaka chakudya chenicheni. Chiyambire tsiku limenelo masiwiti sachoka m'thumba mwanga, ndipo mnyamata wondithandiza pashopu amadziwa chochita. Munthu akakomoka osamuthira kanthu m'kamwa, angatsamwe, koma kuthamangira naye kuchipatala.

Kumapeto kwa Januwale, miyezi itatu itakwana, ndinapita kukayezetsa zonse. Si chipatala chilichonse chimene chimayeza mafuta, ndipo ine ulendo umenewu ndinachita kulipira pa labu ina, ndiye ndi bwino kufunsiratu ndi kusungirako kandalama. Anandiuza kuti ndipite ndisanadye kanthu kuyambira usiku. Apa pali msampha kwa ife obaya: ukabaya insulini ya m'mawa n'kukakhala pamzere wopanda chakudya, shuga amagwa. Ndinafunsiratu anamwino, ndipo anandiuza kuti ndinyamule insulini ndi chakudya, ndikabaye ndi kudya akangonditenga magazi. Safunsa anadya phula.

Zotsatira zinali izi. HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu yapitayo, inatsika kuchoka pa 13 peresenti kufika pa 7.4 peresenti. Triglycerides 2.2. HDL anakwera kufika pa 1.0. Kolesitolo yense 5.9. Ndinatuluka mu labu ndikumwetulira ndekha, ndili ndi chikhulupiriro chakuti nkhani ya mafuta yatha.

Adokotala anayamikira, kenaka analoza nambala imene poyamba panalibe. LDL anali 3.9.

"Uyu ndiye wanu weniweni, bambo. Insulini yachita mbali yake, yachotsa zimene shuga anabweretsa. Imathandizanso chiwindi kukoka LDL m'magazi, koma pang'ono chabe. Kwa munthu wa shuga timafuna akhale pansi pa 2.6, ndipo kwa amene anadwalapo mtima kapena sitiroko timatsitsa kuposa pamenepo."

Ndinakhumudwa, ndipo ndinawauza kuti ndayesetsa kudya bwino. Anati kolesitolo wambiri sachokera m'mbale, chiwindi chimapanga chokha, ndipo kwa ena zimayendera m'magazi a makolo. Anawonjezera kuti shuga amawononga kale makoma a mitsempha, ndiye LDL yemweyo amene mwa munthu wina angachedwe kuvulaza, mwa ife amamatirira msanga. N'chifukwa chake anthu ambiri a shuga opitirira zaka 40 amalangizidwa kumwa mankhwala otsitsa kolesitolo a gulu la statin. Poganiziranso za bambo aang'ono aja, anandilembera atorvastatin, kapilitsi kamodzi patsiku. Anandiuza kuti minofu ikamapweteka kwambiri popanda chifukwa, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, ndibwerere msanga. Mankhwalawa sapatsidwa kwa mayi woyembekezera, ndipo ena mwa iwo, makamaka simvastatin, sagwirizana ndi mitundu ina ya ma ARV, choncho amene mukumwa mankhwala ena alionse muwatchule onse kwa adokotala osachita manyazi.

Ndinene pano kuti njira imene anayenda nane si ya aliyense. Pali anthu amene amawayambitsa statin tsiku lomwelo lowapeza ndi shuga, makamaka ngati ali kale ndi vuto la mtima, impso kapena BP. Palinso amene mafuta awo satsika mokwanira ngakhale shuga atakhazikika, ndipo amafunika kufufuza zina monga chithokomiro ndi impso. Chimene ndikuchitsimikiza kuchokera pa thupi langa n'chakuti pepala loyamba lija, loyezedwa shuga ali m'mwamba, silinali chiweruzo, komanso kutsika kwa manambala sikunatanthauze kuti ndisayezenso.

Thupi linabwerera. Pano ndili pa makilogalamu 68, ndipo anamwino anandichenjeza kuti insulini imanenepetsa, ndiye ndisalole kupitirira pamene ndinali kale, chifukwa mimba ikakula insulini imavutikanso kugwira ntchito ndipo mafuta amayambanso kukwera. Ndimayenda wapansi kupita kushopu ndi kubwerera, ndipo Lamlungu masana ine ndi mayi a kunyumba timakwera msewu wa ku Ku Chawe mpaka pamene miyendo yatilolera, nthochi ziwiri ndi masiwiti zili m'chikwama. Pa kuyeza kwa mu Meyi LDL anali 2.3, triglycerides 1.5, kolesitolo yense 4.1. Mlingo wa insulini anauchepetsa n'kuwonjezera mapilitsi a shuga otchedwa metformin. Adokotala akuti alipo anthu ena kuno ku Africa amene amayamba moopsa ngati ine, ndi ma ketone, koma kapamba wawo akapumula amayambanso kugwira ntchito mpaka kusiya jakisoni, pamene ena amamufuna moyo wonse. Sanandilonjeze kuti ine ndili mbali iti, ndipo anandiletsa kuyesa ndekha kusiya.

Mwezi watha pa benchi ya kiliniki ya shuga ndinakhala pafupi ndi mayi wina wochokera ku Jali, amene anamupeza ndi matendawa masabata atatu apitawo. Anali atagwira pepala la ku labu, akulipinda n'kulitambasula. Nditamulonjera anandionetsa, ndipo triglycerides anali 9. Anati jakisoni wamusiya masiku awiri chifukwa apongozi ake amuuza kuti jakisoniyo ndi amene akumuwonjezera mafuta. Ndinatsegula kabuku kanga n'kumuonetsa tsamba la Okutobala, kenaka la Januwale, ndi timadontho takuda ta m'zigongono. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Dzina lake litaitanidwa ananyamuka, kenaka anatembenuka n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndiye ndiwafunse kuti ndidzayezenso liti?" Ndinati inde, ndipo auzenso adokotala za masiku awiri amene sanabaye aja.